Tifunseni za Chilengedwe: Udzu Womera Pansi pa Nyanja ya Mchere

Ndine mphunzitsi pasekondale ina ku Zomba. Ophunzira anga anamva kuti pa 1 Malichi dziko lonse limakumbukira udzu wa m'nyanja, komanso kuti mayiko ena amalowetsa ndalama zambiri pobzala mtundu wina wotchedwa eelgrass. Kodi imeneyi si ndere wamba? Phindu lake n'lotani?

Zikomo aphunzitsi. Tsikulo lilipodi, analikhazikitsa a United Nations mu 2022. Koma udzuwu si ndere ayi. Asayansi amautcha Zostera marina, ndipo uli ndi mizu, umachita maluwa m'madzi momwemo n'kubereka njere. Umamera m'madzi amchere osaya komanso abata, m'magombe a ku Europe, North America, Japan ndi Korea. Tsinde lake limayanga pansi pa mchenga ngati kapinga, n'kumatulutsa mphukira za masamba ataliatali, opyapyala.

Masamba amenewa amafooketsa mafunde, choncho matope oyandama amadikha ndipo madzi amayera. Mizu imagwira mchenga kuti gombe lisakokoloke. M'kati mwa udzumo ndi mobisala tiana ta nsomba monga cod, komanso nkhanu zimene asodzi a ku Chesapeake Bay, kugombe la America, amadalira. Nkhono za scallop zikakhala zazing'ono zimamatirira kumasamba, patali ndi nkhanu zokwawa pansi. Masamba ndi mizu zikafa zimakwiririka m'matope mopanda mpweya, mmene sizivunda msanga, motero kaboni, amene akanakwera mumlengalenga ngati mpweya wotenthetsa dziko, amatsalira pansi. Akatswiri amayerekeza kuti mitundu yonse ya udzu wa m'nyanja pamodzi sifika ndi 0.2 peresenti yomwe ya pansi pa nyanja, koma imakwirira pafupifupi 10 peresenti ya kaboni amene nyanja zimakwirira pachaka. Pophunzitsa musaiwale kunena kuti malo amasiyana: udzu wa pamatope abata umasunga kaboni wambiri, wa pamchenga wa mafunde umasunga wochepa zedi.

Phindu lake linaonekera poyera pamene udzuwu unasowa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 kunabuka matenda oyamba ndi kachilombo ka Labyrinthula, kodetsa masamba n'kuwaoletsa, ndipo anapha pafupifupi 90 peresenti ya udzuwu kumbali zonse ziwiri za nyanja ya Atlantic chakumpoto. Atsekwe a brant, amene chakudya chawo chachikulu ndi udzuwu, anachepa kwambiri. Kugombe la Virginia ku America, namondwe wa mu 1933 anazula umene unatsala, ndipo usodzi wa scallop unathera pomwepo.

Ndikuphunzira zaulimi ku Lilongwe. Kubzala pamtunda ndikukudziwa, nanga pansi pa madzi amabzala bwanji osakokoloka? Kodi zimathekadi?

Zimatheka, koma malo ambiri amene anayesa zinakanika, ndipo nthawi zambiri chifukwa chake chimakhala chimodzi: anabzala asanachotse chimene chinapha udzu woyamba. Udzuwu umafuna kuwala kwambiri kuposa ndere. Kuti ukhale ndi moyo, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a kuwala kwa pamwamba pa madzi liyenera kufika pamasamba. Feteleza wokokoloka m'minda ndi zonyansa za m'zimbudzi zikalowa m'nyanja, ndere imachuluka, madzi amabiriwira, ina imakuta masamba enieniwo, udzu n'kufa ndi mdima. Udzu ukachoka, mafunde amavundula matope, madzi n'kuderatu, mwakuti mbande zatsopano sizingapirire. N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amayamba ndi kuyeza kuwala, kutentha ndi mchere wa m'madzi, kenako amabzala timinda tating'ono toyesera n'kudikira chaka chathunthu. Toyeserato tikafa, sapitiriza.

Ntchito imene inayenda bwino koposa ndi ya ku Virginia komwe kuja, yotsogoleredwa ndi Robert Orth wa ku Virginia Institute of Marine Science mogwirizana ndi bungwe la The Nature Conservancy. Kumeneko madzi anali oyera kale, chosowa chinali njere basi, popeza udzu woti n'kubereka kunalibe pafupi. Mu Meyi ndi Juni anthu amalowa m'madzi kukathyola mphukira za maluwa zokhazokha, mizu n'kuisiya, kuti munda wotengako mbewu usawonongeke. Nthawi yothyola ndi yofunika: mukafulumira njere zimakhala zanthete, mukachedwa mupeza zitayoyoka kale. Mphukirazo amaziika m'mathanki a madzi a m'nyanja oyenda kwa milungu ingapo mpaka njere zitagwera pansi. Akatero amachotsa zinyalala, n'kusunga njerezo m'madzi amchere ozizira, okhala ndi mpweya wokwanira, nyengo yonse yotentha. Njere imodzi ndi yotalika mamilimita atatu kapena anayi. Yabwino imakhala yolimba mukaifinya ndipo imamira msanga, pamene yofewa ndi yakufa.

Kufesa kumachitika cha mu Seputembala ndi Okutobala, madzi akayamba kuzizira. Amangomwaza ndi manja ali m'boti. Njere zimamira, zimalowa m'timaenje ta mumchenga, n'kumera madzi akazizira kufika pansi pa madigiri 15. Pa njere 100 zilizonse, zimene zimafika pokhala mbande n'zowerengeka chabe, choncho pamafunika zochuluka. Kuchokera mu 1999 anafesa njere zoposa 70 miliyoni pamahekitala pafupifupi 200, ndipo pofika mu 2020 lipoti lawo linaonetsa udzu pamahekitala oposa 3,600. Taonani kusiyana kwa manambala awiriwa: gawo lalikulu udzu unadzifesa wokha, anthu anangouyambitsira. Madzi anayera kuposa kale, nsomba zinachuluka, ndipo scallop ayamba kumubwezeretsanso.

Kwina kumwaza sikuthandiza, chifukwa nkhanu zimatola njere kapena madzi amathamanga kwambiri. Ku Dale, m'dziko la Wales, a Project Seagrass ndi a Swansea University anaika njere ndi mchenga m'timatumba ta chiguduli, n'kutimangirira kuchingwe motalikirana ndi kutimiza. Njere pafupifupi miliyoni imodzi zinalowa pamahekitala awiri. Chiguduli chimateteza njere, kenako chimaola chokha. Nacho chili ndi vuto lake: matope akakwirira timatumbato kwambiri, njere zimaolera momwemo. Ku Europe kulinso nyongolotsi za mumchenga zimene zimakankhira njere pansi kwambiri moti mphukira imalephera kutuluka.

Njira ina ndi yowokera. Osambira pansi pa madzi amazula mphukira pamodzi ndi kachidutswa ka tsinde, n'kukaikhomerera pamalo atsopano ndi waya wopinda kapena kamtengo kansungwi kuti isayandame mizu isanagwire. Imafulumira kuonetsa zotsatira, koma ndi yodula chifukwa mphukira iliyonse imadutsa m'manja mwa munthu, ndipo mukazula zambiri pamalo amodzi mumavulaza munda wakale.

Ngakhale udzu utagwira, ngozi sizinathe. Madzi akapitirira madigiri 25 umafooka, akayandikira 30 kwa masiku angapo umafa, monga zinachitikira ku Chesapeake Bay mu 2005. Unyolo wa nangula nawo ukamakhukhuluzika pansi boti likamazungulira ndi mphepo, umapala udzu n'kusiya dazi lozungulira. Madoko ena tsopano amamangirira maboti ndi zingwe zoyandama zosakhudza pansi.

Ndine msodzi wa ku Mangochi. Ngati udzuwu umachulukitsa nsomba, bwanji osaubweretsa kunyanja yathu kapena ku Malombe?

Bambo, umenewu sungamere kwathu kuno, umafuna madzi amchere ndi ozizira. Mbale wake wapafupi, Zostera capensis, ali kugombe la Mozambique, monga ku Maputo Bay ndi pachilumba cha Inhaca, komanso ku Knysna ku South Africa, nayenso m'madzi amchere. Komanso kulowetsa chomera chachilendo m'madzi athu si nkhani yoyesera, namasupuni mu Shire mukumuona.

Udzu wathuwathu ulipo. M'malo osaya a mchenga m'nyanja ya Malawi mumamera Vallisneria, wa masamba ataliatali ofanana ndi omwe tafotokozawa ngakhale si mtundu umodzi, ndipo ntchito yake ndi yomweyo: kugwira mchenga, kusunga tizilombo todyedwa ndi nsomba, ndi kubisa tiana ta nsomba. Ku Malombe, kukoka makoka ndi nkacha pansi pa nyanja kunazula zomera zambiri za m'madzi, ndipo ichi chimatchulidwa pakati pa zimene zinagwetsa chambo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1990, pamodzi ndi kupha nsomba zosakhwima. Udzuwu umayanga wokha ukasiyidwa. Komiti ya padoko panu ingathe kuzindikira malo amene udakalipo, kuika zizindikiro zoyandama m'malire mwake, ndi kugwirizana ndi mafumu komanso alangizi a zausodzi kuti m'katimo musamadutse khoka kapena kuponyedwa nangula chaka chonse, osati nyengo yotseka nyanja yokha.