Mukafika ku Antalya, kwerani phiri mukaone Sagalassos

Mayi wina wandilembera imelo, akuti akupita ku Antalya ku Turkey ku msonkhano wakuntchito ndipo atsala ndi tsiku limodzi lopanda zochita. Akufuna kuona mabwinja a Aroma koma osati kothithikana, kumene ukati ujambule foto kumbuyo kwako kuli mitu ya anthu yokhayokha. Ndiye akufunsa ngati kulipo kwina kosatchuka koma koti munthu sungadandaule ndalama yako.

Mayi, kulipo, dzina lake Sagalassos. Ku hotela akuuzani za mabwinja a Perge ndi Aspendos chifukwa ndi pafupi, ndipo ndi kwabwino ndithu sindikunyoza, koma ine ndingakuuzeni kuti dzukani mmamawa mupeze galimoto mulowere kumpoto, maola awiri kapena kuposerako pang'ono, mpaka katauni kotchedwa Ağlasun m'chigawo cha Burdur. Kuchoka pamenepo msewu umakwera mokhotakhota makilomita 7 mpaka pa geti. Mzindawu uli m'mapiri a Taurus, pakati pa mamita 1,450 ndi 1,700, ndiye ganizirani za Dedza, musanyengedwe ndi kutentha kwa kunyanja kuja, tengani juzi. Ine ndinapita ndi kamalaya kopyapyala ndipo mphepo inandiphunzitsa khalidwe.

Chimene chikupititseni kumeneko ndi madzi. Pa bwalo lakumtunda pali kasupe womangidwa nthawi ya mfumu ya Aroma Marcus Aurelius, cha m'zaka za 160 mpaka 180 AD, mamita 28 mulitali, mamita 9 kupita mmwamba, mizati ya miyala yosalala ya mitundumitundu. Anagwa ndi chivomerezi, akatswiri anatola zidutswa zake nkuzibwezeretsa mmalo mwake, ndipo kuyambira 2010 madzi akutsikanso pakati pake kugwera mu dziwe. Mabwinja ambiri amakhala zii, miyala youma basi, koma apa umayamba wamva phokoso la madzi usanaone nkomwe kumene akuchokera. Ndinaviikamo dzanja, kuzizira kwake zala zinachita dzanzi, ndipo pabwalo ponsepo tinalipo anthu owerengeka ndi abuluzi othamangathamanga pamiyala. Ndinakhala pamenepo nthawi yaitali kuposa mmene ndinakonzera.

Mwina mukudabwa kuti zinthu zatsala bwanji chonchi. Nkhani yake ndi phiri lomwelo. Mabwinja a kuchigwa anthu ankagumula nkumatuta miyala kukamangira nyumba zawo, koma ndani angatsitse chimwala chonga chimenecho kuchoka kumtunda konseko? Mzinda unali wolemera, Alexander the Great, mfumu ya ku Macedonia, anaulanda mu 333 BC, pansi pa Aroma unatchuka ndi mbale zadothi zofiira zomwe ankagulitsa kutali, kenako kunabwera mliri ndi zivomerezi, chachikulu cha m'zaka za m'ma 600, anthu nkumachepa, dothi lotsika m'phiri nkukwirira zonse. Kukumba kwenikweni kunayamba mu 1990, motsogozedwa ndi Marc Waelkens wa ku yunivesite ya Leuven ku Belgium.

Bwalo la zisudzo lili kumtunda kwenikweni, mukafika mukupuma wefuwefu. Silinakonzedwe, mipando ina ili mbwee mmene chivomerezi chinaisiyira, ndipo ine ndimalikonda choncho. Valani nsapato zogwira, osati zakumsonkhano zija chonde. Mthunzi kulibe kwenikweni ndiye chipewa ndi botolo la madzi musaiwale, kachakudya gulirani ku Ağlasun. Ngati ulendo wanu ndi wa Disembala kapena Januwale funsani kaye za msewu, kumagwa chipale chofewa kumeneko.

Za mayendedwe ndinene mosabisa, ma minibasi awo aja amati dolmuş alipo koma kwa munthu wa tsiku limodzi akudyerani nthawi posinthasintha, bola kusonkherana ndi anzanu akumsonkhano mubwereke galimoto kapena mugwirizane mtengo ndi wa takisi musananyamuke, wopita ndi kubwerera.

Nthawi ikakhalapo dutsirani ku myuziyamu ya ku Burdur. Ziboliboli zimene muone pa kasupe paja ndi zokopera, zenizeni zili kumeneko, pamodzi ndi chimutu cha mfumu Hadrian chomwe anachifukula mu 2007 mmabafa a mzindawu. Onani kaye pa intaneti nthawi imene amatsekera, kuti mudziwe ola loyambira kutsika phiri.