Ku Norham musasaine musanafunse za mlatho

Achemwali, ntchito ya care (yosamalira okalamba m'makomo mwawo) ya ku Norham, kumalire a England ndi Scotland, mukufunsayo ndimaidziwa, ndinapsa nayo. Kamudzi kake n'kakang'ono: msewu umodzi wautali, tchalitchi cha St Cuthbert, kasitolo, ndi mabwinja a linga pamwamba pa mtsinje wa Tweed. Mukangowoloka mlatho muli ku Ladykirk, ndiye Scotland kale kumeneko. A agency sanandiuze kanthu, anangondiponya pa rota ya tsidya lino ndi tsidya lija.

Januwale uja sindidzamuiwala. 4 koloko kunja kwada kale, basi kulibe, sitima ndiye musaiyembekeze, siteshoni yawo inatsekedwa mu 1964. Ndinauyamba wapansi wa ku Ladykirk, mvula yozizira ikundimenya kumaso, madzi ali thothotho m'nsapato, tochi ya foni ikungoonetsa matope. Pamlatho paja mphepo inafuna kundilanda chikwama, pansi Tweed akulindima, nkhosa zikulira kumdima. Ndinafika ndikunjenjemera moti zala zinakanika kutsegula kabokosi ka makiyi. Agogo amene ananditumako aja ndinawasambitsa, kuwaphikira, kuwagoneka, n'kubwereranso momwemo. Pakutha pa mwezi ndikuona pamalipiro maola onse a tsidya lija palibe. Ati mulibe PVG, chikalata cha ku Scotland chofufuza ngati muli ndi mbiri ya milandu, DBS yanuyo ndi chikalata chotere cha ku England. Nanga anandituma ndani? Mzimayi wa ku ofesi uja kuyankha kwake ati munayenera kudziwa. Iye ali pa hita, ine ndikuyanika sokosi! Mpaka lero ndalama imeneyo sindinaione, Mulungu ndiye aweruze.

Amene anandiziziritsa mtima ndi madala ena amene ndinkawasamala mbali ya England. Ndikudandaula iwo akungoseka, ati malire apa akhala akuliza anthu kuyambira kale. Linga lija analimanga bishopu wa Durham, Ranulf Flambard, mu 1121 kuti atchinge Askoti. Mu 1291 mfumu ya England Edward I anaitanitsa akuluakulu a ku Scotland pomwepa kuti aweruze woyenera ufumu wawo, mapeto ake unagwera John Balliol. James IV, mfumu ya Scotland, anabwera mu 1497 ndi chimzinga chotchedwa Mons Meg koma linga silinagwe. Anadzalilanda mu 1513, ndipo pasanathe milungu iwiri anafera kunkhondo ya ku Flodden, pafupi pomwepo. Mpaka 1844 mudziwu unkawerengedwa m'chigawo cha Durham, osati cha Northumberland monga lero. Madalawo akayamba zimenezi tiyi ankazizira, ulendo wotsatira n'kuchedwa.

Komabe pitani achemwali, musaope. Anthu ake ndi abwino, amapereka moni pamsewu, ndipo chilimwe kulinga kuja kulowa n'kwaulere. Kungoti auzeni alembe pakontirakiti mbali imene muzigwira, ndipo akatchula Ladykirk kapena Coldstream (nakonso n'ku Scotland), PVG ibwere kaye. Popanda galimoto musayerekeze, ngakhale ineyo ndinakhalako wapansi mpaka ndinazolowera. Chakudya cha kwathu muzikagula mukapita ku Edinburgh kapena Newcastle, kutauni yapafupi ya Berwick ufa wa nsima ine sindinaupezepo.