TIFUNSENI: Dayiki yabwinobwino aigumuliranji dala?

FUNSO: Akonzi, ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Chichester kuno ku England. Tsiku la ofu anzanga ananditengera ku Medmerry kufupi ndi Selsey, ndiye akuti boma linachita kuboola dala dayiki kuti nyanja ilowe m'minda, eti chifukwa cha mbalame. Zoona zimenezi? Kwathu ku Nsanje timachita kulirira dayiki, kuno akugumula.
Mayi wa ku Chichester

YANKHO: Zoona ndithu mayi, sanakunamizeni, kungoti nkhaniyi akuuzani theka. Dayiki yakale ija inali mulu wa timiyala basi, chaka ndi chaka nyengo yozizira makatapila amakhalira kukankha timiyalato kubwezera pamalo, ndalama nkumangopita, koma mu 2008 madzi anadutsabe nkuononga katundu wambiri. Ndiye a Environment Agency, nthambi ya boma yoona za chilengedwe ndi kusefukira kwa madzi, anati bola tibwerere m'mbuyo. Anamanga dayiki ina yadothi kumtunda, yotalika makilomita 7, kenako mu 2013 nkuboola yakale ija. Zonse zinadya mapaundi 28 miliyoni, ndipo nyumba zoposa 300 zinatetezeka.

Za mbalamezo tsono. Pakati pa nyanja ndi mtunda pamakhala dambo la madzi amchere ndi matope, madzi amalowa nkutuluka kawiri patsiku, mmenemo ndi mmene mbalame zimajompha tinyongolotsi komanso tiana ta nsomba timabisala. Nyanja ikamakwera dambolo limafuna kusunthira kumtunda, koma likapeza chikhoma cha simenti lilowera kuti? Limangomira pang'onopang'ono. Kudera la Solent, cha ku Portsmouth ndi Southampton uko, makoma sangawachotse poti kuseri kwake kuli matauni, ndipo lamulo limati ukaononga malo otetezedwa a zachilengedwe ubweze pena. Medmerry ndi kubweza ngongole imeneyo, mahekitala 183 a dambo latsopano, omwe pano akuyang'anira ndi a RSPB, bungwe loteteza mbalame. Mu 2014 mbalame zina za miyendo italiitali, zija amati black-winged stilt, zinaswa pompo, chinthu chosowa kwambiri ku Britain.

Komatu tisakometse kwambiri. Dambo lokumba dzulo silingafanane ndi lomwe lakhala zaka mazana, udzu wake ndi tizilombo ta m'matope zimatenga nthawi kuti zikhazikike, ndiye ngati kwina aononga kale kuno kusanapse, mbalame zidya chani podikira? Chinanso, madzi amchere akalowa, za m'madzi abwino zimaluza malo, nchifukwa chake ku Medmerry anakumbanso maiwe ndi ngalande kuseri kwa dayiki yatsopano. Ndipo minda ija inapita basi, sibweranso.

Za ku Nsanje musafanizire kwenikweni, uko ndi mtsinje wa Shire ndipo kuseri kwa dayiki kuli midzi ya anthu. Mukapitanso ku Medmerry pitani madzi ataphwa, mubwereke mabainokyula, ndipo muvale magambutsi chifukwa matope ake si masewera.