Mwana wanga akufuna uphunzitsi: kodi akatuluka ku TTC ntchito ilipo?

Mayi wina wa ku Mangochi wandilembera imelo sabata yathayi. Mwana wawo wamkazi wakhoza MSCE ndipo mtima wake uli pa uphunzitsi wa ku pulayimale. Akufunsa ngati kumaliza ku TTC, koleji yophunzitsa aphunzitsi, ndiye kuti ntchito yapezeka, komanso kuti za laisensi zomwe akumva pa wailesi n'chiyani. Kumapeto kwa kalatayo aonjezera nkhawa ina: mtsikanayo anakulira kumudzi, pakhomo amayankhula Chiyao, ndiye mwina anzake azikamuseka.

Mayi, ndiyambe ndi maphunzirowo. Amatchedwa IPTE, anayamba mu 2005 ndipo amatenga zaka ziwiri. Poyamba wophunzira ankakhala chaka chimodzi ku koleji, china kusukulu kukayesera kuphunzitsa. Masiku ano amayamba ndi matemu awiri ku koleji, awiri kusukulu, kenaka n'kubwerera ku koleji matemu awiri omaliza. Ine kusinthaku ndinakukondwera, chifukwa mwana amene wakakumana ndi kalasi ya ana 100 pansi pa mtengo wa mango amabwerera ku koleji ali ndi mafunso enieni. Mayeso omaliza amalembetsa ndi a MANEB. Kwa inu koleji ya boma yapafupi ndi Machinga TTC, koma ziliponso zina za boma monga Lilongwe, Blantyre, Kasungu ndi Karonga, ya St Joseph's ku Dedza yomwe imatenga atsikana okhaokha, ndi za bungwe la DAPP monga Chilangoma ndi Amalika. Makirediti ofunika mukaone pa chilengezo cha unduna cha chaka chimenecho, musadalire zomva kwa anthu.

Laisensi ndi nkhani ina. Lamulo la maphunziro la 2013 linakhazikitsa Teachers Council of Malawi kuti izilembetsa aphunzitsi ndi kuwapatsa chilolezo chophunzitsira, monga momwe anamwino alili ndi khonsolo yawo. Aphunzitsi ambiri amadandaula ndi ndalama zolipira, ndipo poona malipiro awo sindiwada. Koma tikumbukire komwe tachokera. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Boma linalemba anthu masauzande osaphunzira uphunzitsi, n'kuwapatsa choko atangowaphunzitsako masabata ochepa, ndipo pulogalamu ya MIITEP inachita kubwera pambuyo kudzawasula ali kale pantchito. Kaundula wa aphunzitsi ndi njira yoti tizidziwa kuti waima kutsogolo kwa ana athu ndani.

Tsono apa ndiye pomwe sindikufuna kukunamizani: satifiketi ndi laisensi sizipereka ntchito. Magulu angapo a IPTE akhala pakhomo zaka akudikira kuti boma liwalembe, kwinaku sukulu zikulira kusowa aphunzitsi. Ena amalowa m'masukulu a pulayiveti kolandira ndalama zosakwana n'thumba la feteleza, ena amagwira ngati aphunzitsi othandizira. Mumuuziretu zimenezi asanamange katundu, kuti akadzadikira asadziyese wolephera.

Za Chiyao zija, chotsani nkhawa. Taganizani mwana wa zaka 6 wa ku Makanjira amene akulowa Sitandade 1 asakudziwa Chichewa bwinobwino, Chingerezi ndiye osanena. Akapeza mphunzitsi amene sangamve ngakhale pamene akupempha kupita kuchimbudzi, tsiku lachitatu sabweranso. Chimodzimodzi ana a Chisena ku Nsanje kapena a Chitonga ku Nkhata Bay. Aphunzitsi aakazi nawo ambiri amaunjikana m'matauni potsatira amuna awo, moti sukulu zina zakumudzi mtsikana amafika Sitandade 8 asanaonepo mayi atagwira choko, ndipo akatha msinkhu alibe womuuza zakukhosi. Mwana wanu ali ndi zonse ziwiri zomwe sukulu zoterozo zikusowa.

Chimene ndingamufunse n'chakuti kodi akadzatumizidwa kusukulu yopanda magetsi, nyumba yodontha, msika uli mtunda wa maola awiri panjinga, adzakhala? Mukhale naye pansi mumufunse zimenezo. Ngati ali ndi mtima wothandiza ana osamva kapena osaona, akadzagwirako ntchito angakapitirize ku Montfort ku Chiradzulu, komwe amaphunzitsa aphunzitsi a ana olumala.