Kodi panda tingakamuone kuti, nanga ndalama ya pakhomo imamuthandiza?

Mayi ena okhala ku Leeds andilembera imelo. Akuti mwana wawo wa zaka 8 wakakamira zoti akaone panda ndi maso ake. Ndiye akufunsa kuti apite kuti, komanso ngati ndalama yolipira pakhomo la zoo imathandizadi nyamazi kapena imangonenepetsa eni malo.

Mayi, mwachedwa pang'ono. Ku Britain kunali ma panda awiri okha, Tian Tian ndi Yang Guang, omwe anafika ku Edinburgh Zoo mu 2011 ndipo anabwerera ku China mu Disembala 2023. Ku Ulaya konko mungawaone ku Berlin, komwe Meng Meng ndi Jiao Qing akhala kuyambira 2017. Koma ngati thumba likulola, pitani ku Chengdu, m'chigawo cha Sichuan, kumalo oberekeserako ma panda omwe anayamba mu 1987 ndi nyama 6 zokha. Mukalawirire m'mamawa. Dzuwa likakwera, panda amangogona chagada ngati mlenje wokhuta, ndipo mwana wanu adzakufunsani kuti, "Amayi, tabwerera chimenechi?"

Ulesi wakewo uli ndi chifukwa. Panda ndi chimbalangondo, m'mimba mwake ndi mwa nyama yodya nyama inzake, koma chakudya chake ndi nsungwi. Nsungwi sizipatsa mphamvu kwenikweni, choncho amadya makilogalamu 12 mpaka 38 pa tsiku, kwa maola oposa 10, kenako n'kugona. Kubereka nakonso n'kwa apo ndi apo: wamkazi amatha kutenga bere masiku awiri kapena atatu okha pa chaka, ndipo kamwana kamabadwa kolemera magalamu pafupifupi 100, kopanda ubweya wooneka, maso ali otseka.

Funso lanu lachiwiri ndilo lovuta. Pafupifupi ma panda onse ali m'ma zoo akunja ndi a China. Amangobwerekedwa, kawirikawiri pamtengo wa madola pafupifupi 1 miliyoni pa chaka kwa awiri, ndipo mwana wobadwira kunjako amabwezedwa kwawo. Pamapepala, ndalamazo ndi zosamalira nyamazi. Koma mtolowo ndi wolemera: zoo ya ku Ähtäri ku Finland inabweza ma panda ake mu 2024 nthawi isanakwane chifukwa chosowa ndalama. Ndipo ndale zilimo, monga mu 1972 pamene China inapatsa America ma panda awiri pambuyo pa ulendo wa ku China wa Richard Nixon, yemwe anali mtsogoleri wa America.

Ine ndimati chomwe chinapulumutsa panda ndi nkhalango. M'ma 1980 nsungwi zambiri zinachita maluwa n'kuuma nthawi imodzi, monga zimachitira mwachilengedwe. Kale ma panda akanangosamukira kuphiri lina, koma minda ndi misewu zinali zitawatsekera njira, ndipo ambiri anafa ndi njala. Kusefukira kwa mtsinje wa Yangtze mu 1998 kunachititsa boma kuletsa kudula mitengo m'mapiri a kumtunda kwake, nkhalango n'kuyambanso kubwerera. Kalembera wa 2014 anapeza ma panda 1,864 m'tchire la Sichuan, Shaanxi ndi Gansu, ndipo mu 2016 bungwe la IUCN, loona zoteteza chilengedwe padziko lonse, linawachotsa m'gulu la nyama zomwe zatsala pang'ono kutheratu, ngakhale akadali pachiopsezo. Mu 2021 China inakhazikitsa Giant Panda National Park kuti ilumikize nkhalango zomwe zinali zidutswazidutswa.

Kubwezera kutchire panda woleredwa m'khola n'kovuta kwambiri. Woyamba, Xiang Xiang, anamasulidwa m'nkhalango ya Wolong ku Sichuan mu 2006 koma anapezeka atafa chaka chotsatira. Ndiye masiku ano osamalira ana okonzekera kutchire amavala zovala zooneka ngati panda, zopakidwa mkodzo wa panda, kuti anawo asazolowere munthu. Mwana wanu akadzanena kuti akufuna ntchito imeneyo akadzakula, mumuuziretu za mkodzowo.