Khadi la Imfa latuluka pamene amayi akudwala kumudzi

Mayi wina amene amakhala mumzinda wa Leeds ku England wandilembera kalata pa imelo. Akuti mnzawo wa kuntchito, yemwe amatsata chipembedzo cha Wicca, anawayalira makadi a tarot, makadi a zithunzi amene anthu ena amaombezera, pa nthawi ya nkhomaliro, ndipo lachitatu kutuluka linali khadi la Imfa. Chiyambire tsiku limenelo tulo sakutiona, chifukwa amayi awo ali gone m'chipatala kumudzi, ndiye akufunsa ngati makadiwo alosera maliro.

Pepani ndi matendawo, mayi. Makadiwo sanalosere maliro, ndipo ndikunena zimenezi ngati munthu amene ndakhala ndikuwayala pa tebulo la kukhitchini kwa zaka zambiri, nthawi zina tiyi mpaka kuzizira.

Tarot inayamba kumpoto kwa dziko la Italy cha m'ma 1440, m'mizinda ngati Milan ndi Ferrara, ndipo inali masewera ochezera a anthu olemera basi. Kuombeza nawo kunabwera patapita zaka zoposa 300, ku France, makamaka pambuyo pa chaka cha 1781 pamene mlembi wina, Antoine Court de Gébelin, analemba kuti makadiwa anachokera ku Iguputo wakale, nkhani imene inalibe umboni ngakhale pang'ono. Chipembedzo cha mnzanuyo nachonso ndi chadzulodzuloli, pakuti Gerald Gardner anachibweretsa poyera ku England m'ma 1950, ndipo makadiwa chinawapeza alipo kale.

Makadi onse alipo 78, ndipo 22 mwa iwo ndi amene amatengedwa kuti ndi akuluakulu. La Imfa ndi la nambala 13. Ngati mnzanuyo anagwiritsa ntchito makadi otchuka aja amene Pamela Colman Smith anajambula, omwe anatuluka ku London mu 1909, munaona mafupa a munthu atavala zankhondo, atakwera pa kavalo woyera, mfumu ili kwala pansi. Chimene maso amantha sachiona ndi dzuwa limene lili chakumbuyo, pakati pa nsanja ziwiri. Oyala makadi ambiri amamasulira chithunzichi kuti chinthu china chafika pamapeto, kaya ntchito, chibwenzi kapena khalidwe, osati kuti wina atsikira kuli chete. Mnzanuyo ndikumudzudzula pang'ono, chifukwa khadi ngati limeneli sayalira munthu wodwazika matenda kenako n'kuthamangira ku ntchito osamufotokozera.

Ine ndinatulutsapo khadi la Nsanja, lija la mphezi ikung'amba nyumba, sabata imene anandichotsa ntchito pamalo ena osamalira okalamba. Ndinanjenjemera, ndipo kwa masiku angapo ndinkauza aliyense kuti makadi anadziwiratu. Koma nditakhala pansi ndinakumbukira kuti maola anga anali atayamba kale kudulidwa, ndiponso abwana anali atasiya kundiyang'ana kumaso tikakumana pakhomo. Amene ankadziwa ndinali ine, khadi lija linangondikakamiza kuvomera zimene ndinkazizemba.

Inunso nkhawa ya amayi munali nayo musanakhale pa tebulo lija, ndipo kutalika kwa mtunda ndiko kukuikuza. Usiku uno imbirani foni amene akuwadikirira kuchipatalako, muwafunse bwinobwino zimene adokotala anena, mankhwala amene akusowa, komanso ngati akudya. Ngati amayiwo ali maso, apempheni owadikirirawo awaikire foniyo kukhutu kuti amve mawu anu.