Bishopu amene anasema zida za nkhondo ndi matabwa a tchalitchi

Aphunzitsi ena a ku Mzuzu anditumizira imelo. Akuti ana a m'kalasi mwawo amangodziwa William Wallace ndi Robert the Bruce, ndiye akufunsa ngati panalinso ena amene anamenyera ufulu wa Scotland pamene mafumu a ku England ankafuna kulimeza dzikolo. Analipo, aphunzitsi, ndipo ine ndikadakhala inu ndikadayamba ndi Robert Wishart, bishopu wa ku Glasgow.

Pa 10 February 1306, Bruce anabaya John Comyn, amene ankalimbirana naye mphamvu, m'tchalitchi ku Dumfries. Kukhetsa mwazi m'nyumba ya Mulungu unali mlandu woti munthu n'kuiwaliratu za ufumu. Koma Wishart anamukhululukira tchimolo, namupatsa zovala zachifumu, ndipo mwezi wa March usanathe Bruce anali atalongedwa ufumu ku Scone. Papa anachotsa Bruce mumpingo, koma madzi anali atatayika kale.

Bishopu Wishart sanali woyera ngati mngelo ayi. Analumbira kangapo konse kuti adzamvera mfumu Edward I ya ku England, ndipo ulendo uliwonse ankatembenuka. Nkhani imene imandiseketsa ndi ya matabwa. Angerezi anamupatsa matabwa oti akonzere nsanja ya belu pa tchalitchi chachikulu cha ku Glasgow. Iye anapangira zida zogumulira malinga, n'kukathira nkhondo Angerezi omwewo ku Kirkintilloch! Tangoganizani madandaulo amene anafika kwa Papa.

Muwauzenso atsikana a m'kalasi mwanu za Isabella MacDuff. Mwambo unali wakuti a banja lake ndiwo amalonga mfumu. Mwamuna wake anali wa mbumba ya Comyn, komabe mayiyu anapita ku Scone kukaveka Bruce chisoti. Edward atamugwira, anamutsekera m'chikwere ku Berwick ngati nyama, ndipo anakhalamo zaka pafupifupi zinayi.

Kwa asilikali, dzina loti muligwire ndi James Douglas, katswiri wa nkhondo zobisalira amene ankalanda malinga a adani modzidzimutsa. Bruce atamwalira mu 1329, Douglas ananyamula mtima wake kuti apite nawo ku nkhondo ya mtanda, imene Akhristu ankamenyana ndi Asilamu, koma anakafera ku Teba, ku Spain, mu 1330. Mtimawo unabwezedwa n'kukaikidwa ku Melrose, pamene thupi lili ku Dunfermline.

Nanga bishopu uja? Anagwidwa chaka chomwecho cha 1306, namangidwa maunyolo. Chomwe chinamupulumutsa ku chingwe ndi unsembe wake basi. Anakhala m'manja mwa Angerezi zaka zisanu ndi zitatu, mpaka Bruce atagonjetsa mfumu Edward II, mwana wa Edward I, ku Bannockburn mu June 1314, pamene mbali ziwirizi zinasinthana akaidi. Anabwerera kwawo ali wakhungu, namwalira mu 1316, kutatsala zaka 12 kuti England ivomereze Bruce kukhala mfumu ya Scotland.